Korali Akadwala mu Thanki ya Panyumba: Zizindikiro, Zoyambitsa ndi Chochita Kuno ku Lusaka

Funso lomwe oweta makorali (tinyama ta m'nyanja ya mchere tomera pa miyala ngati zomera) mu Lusaka amafunsa mobwerezabwereza ndi limodzi: korali anali bwinobwino sabata yatha, lero watseka kapena wayera, ndithire mankhwala anji? Kawirikawiri yankho ndi lakuti musathire kanthu kaye. Makorali ambiri a m'mathanki a panyumba sadwala ndi tizilombo. Amavutika chifukwa madzi asintha mofulumira, ndipo kuno zosinthitsa madzi n'zambiri: magetsi ozimazima, kutentha kwa Okutobala, kuzizira kwa usiku wa Juni ndi Julayi, komanso madzi a pa borehole odzaza laimu. Zambia ilibe nyanja ya mchere, choncho madzi onse a mu thanki yanu ndi osakaniza nokha, ndipo cholakwika chilichonse pa kasakanizidweko chimaonekera pa korali.

Yezani madzi musanagwire korali

Manambala oyenera kukhala nawo ndi awa:

- Kutentha: madigiri 24 mpaka 26
- Mchere: 1.025 mpaka 1.026 pa refractometer (kachipangizo koyezera mchere), kapena 35 ppt
- Alkalinity (kuchuluka kwa carbonate yomwe korali amamangira chigoba): 7 mpaka 9 dKH, isasinthe kuposa 1 dKH pa tsiku
- Calcium: 400 mpaka 450 ppm
- Magnesium: 1250 mpaka 1350 ppm
- Nitrate: 2 mpaka 10 ppm
- Phosphate: 0.03 mpaka 0.1 ppm
- pH: 7.8 mpaka 8.3
- Ammonia: 0

Nambala ya lero payokha sikuuzani zambiri. Chofunika ndi kuiyerekeza ndi ya sabata yatha, n'chifukwa chake kope lolembamo zoyeza liyenera kukhala pafupi ndi thanki. Alkalinity ya 8 ndi yabwino, koma ngati dzana inali 11, ndiye kuti vuto mwalipeza kale.

Zoyezera nazonso zimanama. Refractometer muziikonza ndi madzi oyesera a 35 ppt, osati ndi madzi a pampopi. Timabotolo ta mankhwala oyezera tikatha nthawi kapena tikakhala pawindo padzuwa, timapereka manambala abodza. Nambala ikakudabwitsani, yezaninso musanathire chilichonse.

Kenako dziwani ngati korali ali moyo. Muunikeni ndi tochi chapafupi. Ngati wayera koma pamwamba pa chigoba pakadali kamnofu kopyapyala ndi timikamwa take, tomwe oweta amati ma polyp, ali moyo. Ngati mukuona chigoba chokhachokha chakuthwa ndi timabowo topanda kanthu, mbali imeneyo yafa. Korali wowola amanunkha kwambiri mukamutulutsa m'madzi, ndipo wotere achotsedwe msanga asanakweze ammonia.

Chizindikiro 1: Korali watseka, sakutambasula timanja take

1. Mchere wakwera. M'chilimwe madzi amauma msanga mu thanki, koma mchere umatsala. Yezani. Ngati wadutsa 1.027, onjezani madzi a RO (osefedwa ndi makina a reverse osmosis) opanda mchere pang'onopang'ono, osatsitsa kuposa 0.001 pa tsiku. Pobwezera madzi ouma musathire madzi a mchere. Ikani kachizindikiro ka selotepi pagalasi kuti muziona mulingo wa madzi tsiku ndi tsiku.
2. Kutentha kukusinthasintha pakati pa usana ndi usiku. Werengani thermometer mbandakucha ndi cha m'ma 3 koloko masana. Kusiyana kukaposa madigiri awiri, hita ndi yaing'ono, yafa, kapena thanki ikuwombedwa ndi dzuwa la pawindo.
3. Kayendedwe ka madzi. Magetsi akabwera, pampu zina sizidzuka zokha chifukwa laimu wagwira pa chopalasira chake. Gwirani pampu iliyonse mumve ngati ikugwira ntchito. Yolimba inyikeni mu viniga woyera kwa maola angapo, tsukani bwino, bwezerani. Komanso pampu yolunjika pa korali wa mnofu wofutukuka, monga hammer kapena torch, imamukhulitsa pa chigoba chake chakuthwa. Timanja tiyenera kugwedezeka mofatsa, osati kugonera mbali imodzi.
4. Mnzake akumuotcha. Makorali monga Galaxea ndi Euphyllia amatulutsa timanja tatitali toluma usiku. Unikani ndi tochi patapita maola awiri nyali zitazima. Siyani mpata wa masentimita 15 kapena kuposerapo.
5. Nsomba ikumujompha. Ma angelfish ndi ma butterflyfish ena amatero. Khalani patali ndi thanki osagwedezeka kwa mphindi 15, mudzaiona.

Pali kutseka kwina kosadetsa nkhawa. Korali wa leather, monga Sarcophyton, amatseka masiku angapo, n'kuoneka wonyezimira ngati wapakidwa phula, kenako amafundula kachikopa kopyapyala n'kutsegukanso. Muonjezereni kayendedwe ka madzi pang'ono basi. Korali wongofika kumene nayenso angatseke masiku awiri kapena atatu. Ambiri amamuzunza pomusuntha malo tsiku lililonse kufuna kuona pomwe angatseguke. Musiyeni pamalo amodzi.

Chizindikiro 2: Wayera kapena watuwa, koma mnofu ulipo

Mu mnofu wa korali mumakhala ndere zazing'ono kwambiri zotchedwa zooxanthellae. Ndi zomwe zimam'patsa mtundu wofiirira ndi chakudya chochuluka kuchokera ku kuwala. Akapanikizika amazitulutsa, n'kutsala woyera. Sanafe, koma ali ndi njala, ndipo mukachedwa adzafa.

1. Kutentha. Ichi ndicho choyamba kukaikira kuyambira Seputembala mpaka mvula itayamba. Madzi akakhala pa madigiri 29 kapena 30 kwa masiku angapo, makorali amayamba kuyera. Chotsani chivundikiro, ikani fani youlutsa mphepo pamwamba pa madzi, fupikitsani maola a nyali, tsekani makatani. Zikavuta, yandamitsani botolo lotseka bwino la madzi oundana. Tsitsani pafupifupi digiri imodzi pa maola angapo, osati kugwetsa kamodzi. Fani imaumitsa madzi kwambiri, choncho mchere muziuyeza tsiku lililonse m'nyengoyi.
2. Nyali zawala mopitirira. Zimachitika mukagula nyali zatsopano za LED, mukakweza korali pamwamba pa miyala, kapena mukaika activated carbon (makala apadera osefera madzi) watsopano yemwe wayeretsa madzi mwadzidzidzi. Chizindikiro chake n'chakuti mbali yoyang'ana kumwamba yayera pomwe yamumthunzi ikadali ndi mtundu. Tsitsani nyali ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena tsitsirani korali pansi, kenako muzikweza pang'ono sabata iliyonse. Makorali ofewa ndi a LPS (a chigoba, a timikamwa tatikulu) amakhutira ndi PAR (muyeso wa mphamvu ya kuwala) ya 50 mpaka 150, pomwe a SPS (a chigoba, a timikamwa tating'ono) monga Acropora amafuna 200 mpaka 350.
3. Madzi ayera mopitirira. Nitrate ndi phosphate zikafika pa 0, ndere za mu mnofu zimasowa chakudya. Korali amatuwa thupi lonse pang'onopang'ono. Chotsani kapena chepetsani GFO (timchenga tochotsa phosphate m'madzi), zimitsani skimmer (makina ochotsa zinyalala ndi thovu) maola angapo pa tsiku, dyetsani nsomba mowonjezera pang'ono.
4. Kuzizira. Usiku wa Juni ndi Julayi magetsi atazima, thanki yaing'ono imatsika msanga pansi pa madigiri 22.

Korali woyera amatenga milungu kapena miyezi kuti abwerere. M'nthawiyi muikeni pa kuwala kochepa, ndipo ngati ndi wa timikamwa tatikulu, mudyetseni tizidutswa ta mysis (tinyama ting'onoting'ono ta m'madzi todyetsera nsomba) kawiri pa sabata pampu zitazimitsidwa kwa mphindi 10. Musamuviike m'mankhwala. Alibe tizilombo, ndipo mankhwalawo angomufooketsa.

Chizindikiro 3: Mitundu yatha, wasanduka wabulawuni

Apa ndere za mu mnofu zachuluka. Choyambitsa chachikulu ndi nitrate ndi phosphate zokwera, chotsatira ndi kuwala kochepa. Si vuto la changu.

Funsani komwe zakudyazo zikuchokera. Kudyetsa nsomba mopitirira n'kofala, koma mu Lusaka yang'anani madzi omwe mukusakanizira mchere. Madzi a pansi pa mzinda uno amadutsa m'miyala ya laimu, ndi olimba, ndipo m'madera ena amakhala ndi nitrate yochokera m'zimbudzi zokumba. Madzi a pampopi amakhala ndi chlorine. Onsewa sayenera kulowa mu thanki osadutsa mu makina a RO/DI (RO yokhala ndi chosefera chomaliza cha resin), ndipo TDS (muyeso wa zosungunuka m'madzi) ya madzi otuluka ikhale 0 kapena 1. Ikayamba kukwera, sinthani resin. Madzi olimba amatopetsa zosefera msanga kuposa momwe bokosi limanenera. Madzi akumwa a m'mabotolo nawonso muwayeze TDS, chifukwa ambiri ali ndi michere yakeyake.

Sinthani madzi 10 peresenti sabata iliyonse. Phosphate itsike mwa milungu, chifukwa kuigwetsa usiku umodzi ndi GFO wambiri kumasupula mnofu wa SPS.

Chizindikiro 4: Mnofu ukusupuka, chigoba choyera chikuonekera

Ichi ndicho choopsa, makamaka pa Acropora, Montipora ndi Seriatopora. Kusupuka kochedwa, komwe oweta amati STN, kumayambira patsinde n'kumakwera mamilimita angapo pa tsiku. Kofulumira, RTN, kumatha korali yense m'tsiku limodzi kapena awiri, mnofu ukuuluka m'madzi ngati tinsanza.

1. Alkalinity yalumpha. Zimachitika mukaiwala kuthira kwa masiku kenako n'kuthira zambiri kamodzi, mukasintha mtundu wa mchere, kapena pampu yothira mankhwala ikasokonekera nthawi magetsi atazima. Nsonga zikayera ngati zapsa, kawirikawiri alkalinity ndi yokwera pomwe nitrate ndi phosphate zili pansi. Ikakhala yotsika, magalamu atatu a soda wophikira, sodium bicarbonate weniweni osati baking powder, amakweza pafupifupi 1 dKH pa malita 100. Musungunuleni m'madzi a RO, thirani pamalo pomwe madzi akuthamanga, ndipo musapyole 1 dKH pa tsiku. Ikakhala yokwera, ingolekani kuthira, makorali aidya okha. Ngati alkalinity ndi calcium zikukana kukhazikika, yezani magnesium.
2. Magetsi anazima nthawi yaitali. Kusupuka kumayamba patapita tsiku limodzi mpaka atatu, pomwe mwaiwala kale za mdimawo.
3. Patsinde sipafika madzi kapena kuwala. Korali akakula amadzitchinga yekha, zinyalala n'kumaunjikana pakati pa nthambi. Uzirani ndi sirinji yaikulu muone fumbi lomwe lituluke.
4. Tizilombo, onani Chizindikiro 6.

Kusupuka kukakhala kofulumira, musadikire mawa. Tulutsani korali m'beseni la madzi a mu thanki, dulani nthambi zamoyo ndi pulayazi yoyera pafupifupi sentimita imodzi kutali ndi malire a pomwe pafa. Mukadula pa malire penipeni matendawo amapita nawo. Mamatizani zidutswa pa timiyala ndi super glue wa jelo, ziikeni pomwe madzi akuyenda bwino ndi kuwala kwapakati, makamaka mu thanki ina. Chotsalacho tayani pamodzi ndi madzi a m'beseni. Kukakhala kochedwa, mutha kumata glue pa malire a bala kuti mnofu usapitirire kusupuka, koma izi zimagwira pokhapokha mutakonza choyambitsa.

Chizindikiro 5: Chinthu chabulawuni choterera chakuta mutu wa korali

Awa ndi matenda a brown jelly, ofala pa hammer, torch ndi frogspawn. Amayamba pa bala: korali anagwa, analumidwa ndi mnzake, anakhulika m'thumba paulendo, kapena anafooka ndi kutentha. Mutu umodzi umatha m'maola ochepa ndipo amalumphira ku mitu ina.

- Zimitsani pampu zonse kaye. Zoterera zija zikamwazika zimagwera pa makorali ena.
- Zikokeni ndi kapaipi kapena sirinji kupita kunja kwa thanki. Musaziuzire.
- Tulutsani korali, dulani mutu wodwala pa nthambi yake ya chigoba, tayani.
- Mitu yotsala iviikeni m'mankhwala a ayodini opangidwira makorali, motsatira mulingo wa pa botolo, kenako tsukuluzani m'madzi oyera a mchere.
- Ikani activated carbon watsopano wotsuka bwino, sinthani madzi 15 mpaka 20 peresenti.
- Yang'anani m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu.

Korali wa chigoba chimodzi chosagawikana nthambi ndi wovuta kupulumutsa, chifukwa mulibe podula popanda kung'amba mnofu. Mupatuleni msanga kuti muteteze ena.

Chizindikiro 6: Timabala tozungulira, timadontho toyera, kapena mazira patsinde

Tizilombo tambiri timabwera ndi korali watsopano. Unikani usiku ndi tochi, ndi galasi lokuza ngati muli nalo.

1. Nyongolotsi zophwatalala zodya Acropora. Zimafanana mtundu ndi korali, choncho mumaona mabala ozungulira otuwa ndi timagulu ta mazira abulawuni pa chigoba chakufa. Uzirani korali ndi sirinji, zimagwa.
2. Nkhono zopanda chigoba, ma nudibranch. Za pa Montipora ndi zoyera, zazing'ono, zimabisala kunsi. Za pa zoanthid (makorali ofewa ooneka ngati timaluwa) zimatenga mtundu wa zomwe zikudya.
3. Red bugs pa Acropora: timadontho tachikasu ndi kofiira toyendayenda. Korali amatuwa n'kusiya kutambasula timanja.
4. Aiptasia, kanyama kofanana ndi duwa labulawuni, komwe kamaotcha korali woyandikana nako. Musakakande, kamachulukana. Kathireni phala la kalkwasser (calcium hydroxide) pakamwa ndi sirinji, tiwiri kapena titatu pa tsiku kuti pH isalumphe.

Kaviikidwe: tengani mabeseni awiri omwe sanagwirepo sopo, onse ndi madzi a mu thanki. Mu loyamba thirani mankhwala oviikira makorali, monga Coral Rx kapena Revive, pa mulingo ndi mphindi zolembedwa pa botolo. Muziuzira korali ndi sirinji nthawi yonseyo. Tsukuluzani mu beseni lachiwiri, bwezerani korali, madzi onsewo tayani. Mankhwalawa sathiridwa mu thanki. Sapha mazira, choncho mazira akandeni ndi mswachi kapena dulani tsinde lonse, ndipo bwerezani kuviika sabata iliyonse kwa milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Apa ndi pomwe ambiri amagonjera: amaviika kamodzi, aona nyongolotsi zagwa, n'kuyesa zatha.

Thanki yaing'ono ya malita 40 yosungiramo korali watsopano kwa mwezi ndi yotsika mtengo kuposa kutaya thanki yonse, makamaka kuno komwe kupeza korali wina kumafuna ulendo wa pandege, ndipo makorali a chigoba amadutsa malire a dziko ndi zilolezo za CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa.

Chizindikiro 7: Makorali onse avutika nthawi imodzi

Onse akatseka pamodzi, nkhono zikugwa pagalasi, nsomba zikupumira pamwamba, ganizani za mpweya kapena poizoni.

1. Mpweya watha magetsi atazima. Mdima wa nyali si vuto, makorali amapirira masiku awiri kapena atatu opanda kuwala. Chomwe chimapha ndi madzi osayenda. Pa inverter kapena batire, choyamba kulumikiza ndi pampu yogwedeza pamwamba pa madzi. Hita imadya moto wambiri, choncho m'nyengo yozizira fundikani thanki ndi bulangeti, n'kuyandamitsa botolo lotseka la madzi ofunda. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire kakhale pafupi nthawi zonse. Popanda zonsezi, tungani madzi ndi jagi n'kuwathira kuchokera pamwamba kangapo mphindi 15 zilizonse. Musadyetse nsomba mpaka magetsi atabwera. Chosefera chotseka chomwe chaima maola ambiri chitsukeni musanachiyatse, chifukwa madzi a mkatimo aola.
2. Mankhwala a udzudzu. Opopera ndi ofukiza omwe ndi poizoni kwa zamoyo za m'madzi, ndipo skimmer imakoka mpweya wa m'chipinda n'kuulowetsa m'madzi. M'chipinda cha thanki musapopere. Onse a m'nyumba, ndi wothandiza ntchito yemwe, auzidwe. Akabwera opopera nyumba yonse, zimitsani skimmer ndi pampu ya mpweya, phimbani thanki ndi pulasitiki, siyani pampu za m'madzi zikuyenda, tsegulani mawindo musanavundukule. Polishi wopopera, penti ndi mafuta odzola a m'manja nazonso zimavuta.
3. Chitsulo m'madzi. Fufuzani maginito osweka a pampu kapena a chopukutira galasi, sikuluwu yadzimbiri, ndalama yomwe mwana waponyamo, kapena cholumikizira cha brass. Kopa amapha makorali ngakhale atachepa kwambiri, choncho mankhwala a nsomba okhala ndi kopa asalowe mu thanki imeneyi.
4. pH yatsika. Mbaula m'nyumba yotseka mawindo imadzaza mpweya wa carbon dioxide, womwe umalowa m'madzi n'kutsitsa pH. Tsegulani mawindo. Utsi wa jenereta nawonso ukhale kutali.

Mukakaikira poizoni, sinthani madzi 25 mpaka 30 peresenti ndi madzi ofanana kutentha ndi mchere, bwerezani mawa lake, ikani activated carbon wambiri n'kumusintha patapita masiku awiri. Makala ophikira salowa m'malo mwake. Izi zimatheka pokhapokha muli ndi madzi a RO osungiratu m'chigubu choyera, poti makina a RO amadontha pang'onopang'ono ndipo madzi a pampopi akhoza kukhala atasiya tsiku lomwelo.

Pomwe muyenera kusiya n'kuitana wodziwa

Pitani kuchipatala msanga, ndipo muuze dokotala kuti munagwira korali wa m'madzi a mchere, ngati:

- Mwagwira zoanthid kapena Palythoa kenako mukumva kukoma kwa chitsulo m'kamwa, kubanika, kutentha thupi, kuphwanya kwa minofu, kapena madzi ake akuthirani m'maso. Makorali amenewa ena ali ndi palytoxin, poizoni woopsa kwambiri. Maso atsukeni ndi madzi ambiri muli kukonzeka ulendo. Powagwira valani magolovesi ndi magalasi otchinga maso. Mwala womwe makoraliwa ameramo musauwiritse, musauthire madzi otentha, musaukwechese kunja kwa madzi, chifukwa nthunzi yake imadwalitsa nyumba yonse. Banja lonse likayamba kutsokomola mutagwira miyala, tulukani panja nonse.
- Bala la pa dzanja lomwe linalowa mu thanki likutupa, kufiira kukufalikira, kapena patuluka kachotupa kosapola kwa milungu.

Itanani wa zamagetsi ngati madzi akukugwirani shoko kapena breaker ikugwa mukayatsa hita kapena pampu. Zimitsani pakhoma musanalowetsenso dzanja. Madzi a mchere amadutsitsa moto mosavuta, ndipo soketi za thanki ziyenera kukhala ndi chotetezera cha earth leakage. Kulumikiza inverter ku mawaya a nyumba si ntchito yoyeserera nokha.

Funsani dokotala wa ziweto kapena woweta wa luso ngati brown jelly ikubwerera mutadula ndi kuviika. Pali omwe amachiza ndi maantibayotiki, koma musagule ku famase n'kuthira mu thanki mongoganiza. Mulingo wolakwika umasokoneza mabakiteriya osefa madzi, ammonia n'kukwera.

Ngati manambala onse ali bwino kwa milungu iwiri kapena itatu koma makorali akupitirira kufa, lekani kusintha zinthu. Tumizani madzi kukayezedwa ndi ICP, kuyeza kwa mu labu komwe kumaonetsa zitsulo zomwe zoyezera za panyumba sizigwira. Tumizani mabotolo awiri, la madzi a mu thanki ndi la madzi a RO, kuti zotsatira zikabwera mudziwe ngati chitsulocho chikuchokera mu thanki kapena m'madzi omwe mukuthiramo. Podikira, makorali omwe akadali bwino apititseni kwa woweta mnzanu yemwe ali ndi thanki yapadera yolandirira.